Chotchinga Mphepo

Juni wa ku Zomba saona nkhope.
Amatsika m'phiri mbandakucha atabereka nkhungu,
n'kundipeza pa Chinamwali ndikudikira wokwera woyamba.
Ndikangoliza njinga, amalowera pa batani lothothoka la jekete
mpaka m'nthiti.
Chaka chatha ndinatsokomola masabata asanu.
Kuchipatala anati ndichepetse mphepo,
ngati kuti mphepo ndi mchere wa m'ndiwo.

Galasi la m'sitolo ndinalifunsa mtengo kamodzi kokha.
Mwini wake anautchula, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndiye Mayi Dailesi a ku Mpondabwino atasiya geni ya masikono
anandigulitsa chivindikiro cha bokosi lawo:
pulasitiki woonekera, wochindikala bwino,
mafuta a zaka zinayi atakakamira m'mbali,
pangodya atalembapo ndi penti yofiira, K200.

Loweruka masana, kuseri kwa nyumba ku Matawale,
ndinajambula kaye pa katoni ya sopo.
Kudula, kuyeza pa mahandulo, kudulanso.
Mwana wanga Ajibu anagwira ngodya ndi manja onse awiri,
lilime lili panja,
ine ndikucheka ndi sowo wopanda chogwirira
wokulungidwa m'chiguduli.
Pulasitiki ankalira ngati mbuzi ya pachingwe,
utuchi woyera ukutigwera m'zala za kumapazi.

Kupinda ndiye kunali nkhani.
Pambaula safuna phuma:
ukayandikiza amatuluka matuza, ukatalikitsa amangokuyang'ana.
Ndinamuyendetsa pamwamba pa makala
ngati wowamba mlamba ku Kachulu,
ndipo atayamba kufewa
bwalo lonse linanunkhira masikono.
Nkhuku zinabwera. Aneba anasuzumira pampanda.
Tinamugoneka pamimba pa mgolo wa madzi,
kumupsinja ndi bulangete, Ajibu akuwerenga mokweza mpaka handiredi.
Atazizira, anali atasunga msana wa mgolowo.

Mabowo anayi, msomali wofiira psuu.
Pa lachitatu ndinafulumira.
The!
Mng'alu wautali ngati chala, wolunjika kumwamba.
Ajibu anandiyang'ana pakamwa. Sindinatukwane.
Ndinaboola kabowo kena pamene mng'alu unathera
kuti ukafika pamenepo utope, ukhale pansi,
monga anandiuzira Che Sumani wowotcherera zitsulo,
yemwenso anandipindira tizitsulo tiwiri pangongole.
Pakati ndinaika mphira wa chubu, bawuti asalume.

K200 ija ndinaipukuta ndi parafini,
ndinaipala ndi phulusa, ndi chikhadabo.
Inakana.

Lolemba pasiteji anyamata anaseka chikhakhali:
"Achimwene, masikono atha kale?"
Mphunzitsi wina ndinamutula ku Domasi,
anatsika, anakonza magalasi ake, anawerenga,
n'kundipatsa K200 yeniyeniyo nkhope ili gwa:
"Mtengo mwalemba nokha."
Yotsalayo anaitulutsa nditazimitsa kale njinga.

Koma mverani.
M'mawa mwake ndikutsetsereka kuchokera Ku Chawe
nditatula mayi wa mabulosi,
mphepo inabwera monga mwa masiku onse, ikudziwa njira.
Inagunda. Inafunafuna batani lija.
Kenako inakwera pamwamba pa chisoti
n'kupita kukasaka wina.
Ndinamva mpweya wanga womwe ukulowa ndi kutuluka
wopanda mluzu.

Siloyera ayi.
Phiri ndimaliona kudzera m'mikwingwirima
ya zikhadabo za anthu onse amene analozapo sikono yaikulu.
Usiku magetsi a malole amamwazikira pamenepo
ndipo ndimasuzumira pamwamba ngati kamba.
Mvula yoyamba ikadzagwa
ngumbi zidzafera apo, osati m'maso mwanga,
ndipo Ajibu wanena kale kuti zimenezo ndi zake.

Mng'alu uja sunasunthe.
M'mawa uliwonse ndimaukhudza ndi chala
ndisanaike kiyi.
Che Sumani ndatsala nawo ndi theka.
Dzuwa likafika paliwombo, pasiteji palibe wokwera,
pulasitiki amatenthedwa, n'kukumbukira ntchito yake yakale,
ine njala n'kundiwawa nthawi isanakwane.