Zilembo Zisanu

Agogo anga anatsika sitima ku Providence
ali ndi tinyundo tiwiri m'thumba la jekete
ndi dzina limene mlembi wa padoko analilemba mopotoka.
Mudzi wawo unapsa kumbuyoko, kaundula wa tchalitchi n'kupsera momwemo.
Terzian. Tinapulumutsa lokhalo.

Lero ndine ndimakhala pabenchi pawo,
galasi padiso limodzi, kachitsulo kosongoka m'manja,
kuzokota makolo a eni ake pa golide.
Zaka makumi asanu ndi limodzi banja lathu likusula mabaji
a amayi a bungwe la Mbumba ya Ufulu,
amene makolo awo anasenza mfuti
pokana mfumu ya ku Mangalande.

Amabwera Lachinayi, fungo la sopo wodula lili patsogolo.
Mayi Prudence Aldrich ali ndi timipiringidzo tisanu ndi tiwiri pa riboni,
kalikonse ndi msilikali wake,
akamayenda pachifuwa pamalira ngati makiyi.
Sindiwanyoza ayi. Salipira mochedwa,
ndipo pamaliro a bambo anga anakhala mpaka kumanda, mvula ikuwakwapula.
Koma sanafunsepo kuti ifeyo ndife ana a yani.

Mu Febuluwale, chipale chofewa chitatseka msewu,
analowa mayi wina wakuda, namwino wopuma pantchito,
Odessa Perrin, envulopu ataifungatira ngati khanda.
Zaka khumi ndi chimodzi akufukula mapepala akale,
maso mpaka kuchita chidima,
ndipo bungwe lavomera.

Ndinatenga cholembera. Dzina la kholo?
Cudjo, anatero.
La bambo ake?
Anandionetsa tsamba: munthuyo analembedwa
pansi pa hatchi, pamwamba pa migolo ya onga,
dzina lachiwirilo ndi la amene anamugula.
Limenelo sindilivala pamtima panga, anatero, osakweza mawu.

Mchimwene wanga Garabed anatsokomola kuseri.
Malamulo amafuna mayina onse awiri, akatibwezera,
golide wakwera mtengo, iwe.
Ndinamuyang'ana. Anabwerera ku mphete zake.

Kampiringidzo kamakwana zilembo makumi awiri.
Ndinazokota zisanu, zikuluzikulu, motalikirana,
kuti munthuyo atambasule miyendo.
Dzanja linanjenjemera pa chilembo chomaliza,
aliyense wodziwa ntchitoyi angaone.
Mayi Perrin anapitapo ndi chala, kawiri,
n'kufunsa ngati timalandira cheke.

Madzulo ndinasesa fumbi la golide
kuthira m'kabotolo, monga anandiphunzitsira agogo:
pano sititaya kanthu, mwanawe.
Kenako ndinatola kachidutswa kotsala
ndi kulembapo Zabel,
amayi awo a agogo, amene sanafike padoko lililonse.
Palibe bungwe lidzafune umboni wake.
Kali m'dirowa, pamodzi ndi tinyundo tija.