Mpando Umodzi

Kondakitala wa ku Area 25 amandidziwa.
Akangondiona patali pa Nsungwi amayamba kukuwa:
"Mayi, inu ndi mipando iwiri!"
Minibasi yonse imaseka,
nanenso ndimaseka nawo,
paja munthu wonenepa saloledwa kukwiya.

Zaka khumi ndi zisanu akhala akundiyamikira,
pamaliro, pachinkhoswe, pakhomo la tchalitchi:
"Koma ndiye akukusungani bwino!"
Palibe anamvapo maondo anga akulira
pa masitepe a ku ofesi,
palibe anandionapo ndikugona chokhala,
mapilo atatu kumsana,
mpweya ukundizemba ngati munthu wangongole.

Dokotala anatembenuza pepala la zotsatira za shuga
najambula chifu changa ndi bolopeni yofiira.
"Apa tidula," anatero. "Chotsalacho chikhala ngati nthochi."
Ndinaiyang'ana nthochiyo nthawi yaitali.
Ndinafunsa ngati anthu amadzuka.
Sanandinamize. Anati ambiri amadzuka,
kenaka anandipatsa pepala lina loti ndisaine.

Puloti yathu ya ku Njewa inapita.
Amayi a banki m'khonde anasonkha zotsalazo,
ena akung'ung'udza kuti ndalama zogulira malata
ndikukagulira njala.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chinayi
la msuzi woyera ngati misozi,
chambiko theka la kapu, madzi, madzi, madzi.
Dzulo ndinadutsa pa Bwandilo dzuwa likupendeka,
utsi wa kanyenya unanditchula dzina.
Mnyamata wa chiwaya anakweza foloko kundilonjera,
ine ndinaweramitsa mutu
ngati ndakumana ndi chibwenzi chakale
ndili ndi apongozi.

Bambo a Mwatitha sakuopa mpeni.
Akuopa pakamwa pa anthu.
"Ukaonda mwadzidzidzi adzati chiyani?
Adzayamba kuyang'ana ine."
Ndinati asiyeni anong'one,
adzanong'ona ine ndikuyenda wapansi
kuchoka pa depoti mpaka kumsika wa Tsoka
osaima pa mlatho kunamizira kuona madzi.

Sigele, telala wanga wa ku Kawale,
wakhala akuwonjezera nsalu m'mbali mwa madiresi anga
chaka ndi chaka, osanena kanthu,
tepi yake yokha ndiyo inkadziwa zoona.
Nditamuuza, anachotsa mapini pakamwa.
"Musataye chovala chilichonse," anatero,
"kubweza n'kosavuta kusiyana n'kuwonjezera."

Tsopano ndi usiku. Magetsi azima kuyambira madzulo.
Chikwama chili pakhomo:
zitenje ziwiri, mswachi, buku la kuchipatala,
masilipasi, ndi kasupuni kakang'ono
kamene Mwatitha ankadyera phala ali khanda.
Akuti ndidzayambiranso pamenepo,
supuni imodzi, kupuma, supuni ina,
mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu
kuphunzira kumeza.

Ikakwana thwelofu, ngakhale dontho la madzi ayi.

Ndayika manja pamimba panga mumdima.
Iwe thupi, sindinakudepo ayi.
Unanyamula ana atatu,
unanyamula maliro a mayi anga osagwa,
ndipo pamene ndinalibe woti ndimuuze
unkalandira zonse zimene ndinkameza m'malo molira.
Mawa akakutsegula usandichititse manyazi.
Ugone akati gona.
Koma akaitana dzina langa,
akati "Mayi Nankhoma, tatha,"
chonde uyankhe.

Kunja agalu a kwa aneba ayamba, asiya.
Galimoto ya mlamu ifika isanakwane faifi.
Ndikuwerenga zinthu zazing'ono zimene ndikufuna:
kumanga ndekha zingwe za nsapato,
kugwada m'tchalitchi ndi kudzuka popanda dzanja la munthu,
kugona chagada mpaka m'mawa.

Ndipo tsiku lina, mwina mvula ikadzayamba,
ndidzaima pa Nsungwi ndi ndalama yanga m'manja.
Kondakitala uja adzandidutsa ndi maso,
kufunafuna mayi wake wa mipando iwiri.
Sindidzamuuza kanthu.
Ndidzakhala pawindo
n'kusendera pang'ono
kuti wina akhale.