Khoswe Nambala 47

Ndimatsika minibasi pa Ridgeway dzuwa lisanakwiye,
fumbi la ku Kalingalinga likadali ku zidendene.
Ndisamba m'manja kawiri, ndivala zoyera,
chitseko chachitsulo n'kutsekera Lusaka yense kunja:
mahutala, oitanira mabasi, mlaliki wa pa siteji.
Muno mumangomveka timano tikukukuta.

Makoswe mazana anayi, oyera ngati ufa wa m'sitolo.
Sanaonepo nkhokwe. Mphaka samudziwa.
Anabwera pa ndege, ali ndi mapepala awo,
ndipo ine amene sindinakwerepo ndege
ndimawachotsera zitosi.

A Dokotala Chilufya sandilola kudutsa chete:
"Zelesi, inu a kum'mawa, ndawawerenga onse,
mmodzi akasowa ndikavundukula poto wanu."
Ine ndimati, "Tikanasunga anyani
bwenzi inu mukubwera ku ntchito ndi mchere m'thumba."
Timaseka.
Kenako aliyense atola sirinji yake.

Madontho atatu kwa a pashelefu yapamwamba,
limodzi kwa apakati,
apansi amangomwa madzi,
koma tsiku lawo lomaliza n'lomwelo.
Mankhwalawo alibe dzina, botolo lili ndi manambala okha.
Mphuno yanga ndiye sinyengeka.
Ndi fungo la malaya a atate
pochokera kumunda wa thonje ku Katete,
pampu kumsana, kukamwa kuli pamtunda,
atatakasa ndi dzanja chifukwa kamtengo kanali patali.

Zaka ziwiri.
Lachiwiri lililonse, sikelo.
Ndimasisita kamimba kalikonse ndi chala chachikulu
kufunafuna chimene sindifuna kupeza.
M'mwezi wa fumbi ndinachipeza:
kanthu kolimba ngati nzama
pansi pa nthiti za Nambala 47,
uja wa khutu lopindika,
amene ndinkamuitana Kamfupi pakakhala palibe womva.
Lamulo limati tisawapatse mayina.
Ndinalemba m'buku: mamilimita anayi.
Dzanja silinanjenjemere.
Linadzanjenjemera madzulo, ndikulipira makala.

Usiku wina magetsi anathima, jenereta n'kukana.
Tinachezera kuwakupiza ndi zidutswa za makatoni,
ine, a Dokotala, ndi mlonda, a Sakwiya,
thukuta lili kamukamu,
kuwapulumutsa
kuti adzafe pa deti lolembedwa.

Ukaima pawindo la kuchimbudzi
umaona denga la chipatala cha khansa.
Atate anakhala pa benchi kumeneko miyezi itatu,
chipewa pabondo, chotupa m'mimba.
Sanafunse ngati achira.
Anangofunsa kuti, "Chachokera kuti?"
Azakhali anati ndi nsanje ya anthu.
Namwino anati tidikire.
Ine ndikudikirabe, ndipo funso lawo
ndimalidyetsa kwa amene sadziwa kuyankhula.

Dzana tinagoneka Kamfupi.
Mpweya pang'ono, osalira.
Chiwindi chake anachidula mopyapyala kuposa khungu la anyezi,
n'kuchipaka utoto pagalasi.
A Dokotala anandiitana: "Bwerani muone."
Ndinaona chitenje, chofiirira ndi mathothomathotho,
chokongola moti ndinachita manyazi.
Iwo anawerenga, nalemba, osanena kanthu.
Akuti khoswe mmodzi si umboni.
Tidikire onse mazana anayi,
kenako masamu, kenako komiti,
ndipo mwina, mwina,
mawu awiri ofiira pa chigubu
amene mlimi angawerenge asanatsegule.

Atate akamakumba mbewa m'chilimwe
ankasiya una umodzi osaukhudza.
"Osamaliza mtundu," ankatero, akusasa khasu.
Muno sitisiya una.

Lero ndatsuka kakhola kake ndi madzi otentha,
ndachotsa kapepala ka nambala.
Popita kwathu ndagula mpukutu wa repu
kwa mayi wa pamphambano, masamba osabooka n'kamodzi komwe,
osalala ngati sanakumanepo ndi mbozi.
Ndautsuka katatu.
Mwana wanga wafunsa chifukwa chake.
Ndamuuza kuti ndi fumbi.