Kanema wa pa Lizulu

Galasi la foni yanga linang'aluka pakona,
ndiye aliyense yemwe ndamujambula
amaoneka ndi chipsera pamphumi.

Lachitatu, pa Lizulu.
Ndauza Nachisale kuti alire,
poti mwamuna wake wa m'kanema wathawira ku Joni.
Wakana. Akuti kachewere sanagulidwe,
misozi iyambe yadikira basi ya ku Lilongwe.

Tadikira.
Chifunga chatsika m'phiri osaitanidwa.
Likisho wakweza maikolofoni pansungwi
mpaka mkono kuchita dzanzi,
koma mawu omwe tagwira
ndi a lole yolira pamtunda.

Pobwerera m'mbuyo kuti onse akwane
ndawoloka msewu osadziwa.
Foni yanjenjemera: akundilandira ku Mozambiki.

Usiku, m'babashopu ya Ganizani, pa getsi la sola,
ndikudula, ndikulumikiza,
memori ikudandaula kuti yakhuta.
Mpamene ndapeza masekondi asanu ndi anayi
omwe sindinawalembe papepala:
basi yanyamuka popanda wogula,
Nachisale akubwezera mbatata m'ndowa
imodzi imodzi,
wandiiwala kuti ndilipo.

Za ku Joni zija ndafufuta.