Khutu la Bambo Anga

Ndikatsika minibasi pa Luchenza
ndimawoloka njanji, n'kutsetsereka m'mabulugamu
mpaka pomwe panali mpanda.
Chipata chikadalipo, loko wake ali pompo,
koma mbuzi zimalowera mbali iliyonse.

Muno munkalukidwa makapeti a khonje.
Amayi, a Nampinga, zaka khumi ndi zinayi pamakina achitatu,
zala zofiira Lolemba, zobiriwira Lachinayi,
mtsinje nawo n'kumasintha malaya tsiku lomwelo.
Ochapa kumunsi ankadziwa tsiku poyang'ana thovu.
Makapetiwo ankakwera sitima kukagona m'mahotela,
ife tinkagona pamkeka.
Kachidutswa kamodzi, kopserera m'mphepete,
kanatuluka pachipata katabisala m'chitenje.
Sitinkakaponda.
Tinkakayala abusa akabwera.

Kumunsi uko, pomwe ngalande imagwera kuphedi,
kuli kanyumba ka njerwa, malata atsala atatu.
Mmenemo ndimo munali mwa bambo anga, a Khoviwa,
olera gudumu lomwe madzi ankazunguza
kuti mababu mazana awiri ayake kumtunda.
Ankagunditsa sipanala pachitsulo, mbali inayo kukhutu,
n'kumva matenda asanafike.
Phokosolo linadya khutu lamanzere, kenaka lamanja.
Kunyumba ndinkawerengera mayeso pakoloboyi.

Belu linaleka kulira chaka cha chilala.
Akuti kunabwera makapeti apulasitiki, otchipa, osatha msanga.
Bwana anati akukagula masipeya, masabata awiri okha.
Anthu anadikira pachipata
mpaka chimanga chinacha kawiri.

Woyamba kuchoka anali waya wa kopa.
Kenaka mafelemu, zitseko, matabwa a kudenga.
Makina anapita pasikelo, kilo ndi kilo,
ndipo ena omasula mabawuti
anali omwe aja ankawapukuta mmawa uliwonse.
Sindiwatchula. Malipiro a miyezi isanu anali momwemo.

Lero kachere wang'amba khoma la ofesi.
Mosungira utoto mumapemphera mpingo wa anthu khumi ndi awiri,
mileme ikumvetsera chadodolido.
Gudumu lokha linawakanika:
anabwera ndi unyolo, anabwera ndi lole,
linangowayang'ana.

Bambo sanaleke.
Loweruka lililonse, botolo la oyilo wakuda wopempha kugalaja,
kansanza m'thumba, ulendo wa kumtsinje.
Ana ankawatsatira n'kumaseka.
Iwo ankathira, kupukuta, kugunditsa sipanala,
n'kutiuza mokuwa, monga akuwira ogontha:
Silinafe ili, likungopuma.
Tinawaika m'manda mwezi wa Juni, chiperoni chili tolotolo,
sipanalayo amayi anakana kuti ipite nawo.

Dzulo magetsi anazima tauni yonse.
Ndinatsika ndi kuwala kwa foni, sipanala m'manja,
ndinagwada pandowe za mbuzi
n'kuchita monga ankachitira.
Chitsulo chinali zii.
Ndinakhala choncho mpaka bondo linachita dzanzi.
Pansi pake madzi ankangodutsa,
opanda mtundu, osalembedwa ganyu ndi munthu,
ndipo sindikudziwa ngati chomwe ndinamva
chinali gudumu
kapena magazi anga omwe.