Chipale Chofewa ku Mbare

Mai Gwenzi andipatsa kalendala yakale,
tsamba la Januwale: mzinda wa eni,
msewu wokwiririka ndi chipale chofewa.
"Jambula uwu," atero, nabwerera ku tiyi wawo.

Kunja dzuwa la Okutobala likuwotcha malata.
Thukuta langa likudonthera m'penti wa mafuta.

Ndafinya woyera, theka la chubu,
ndapaka, ndapakanso.
Chatuluka ndi khoma la chipatala.

"Iwe Lekeleni, woyera payekha ndi wakhungu.
Suzumira kunsi kwa galimotoyo.
Mthunziwo ndi wakuda?"
Ayi. Ndi wabuluu, wopendekera ku pepo.

Pamenepo ndakumbuka Avondale m'mamawa,
jakaranda atayoyoka usiku wonse,
kombi isanadutse, wosesa asanafike,
mapazi a mlonda okha atadinda njira.
Burashi yayamba kuyenda yokha.

Pakona ndaikapo kamunthu ka jasi lalitali.
Mapewa ake ndi a bambo anga
akuthamangira basi ya ku Msasa.

Penti wa mafuta sachedwa pang'ono kuuma.
Pofika Lachinayi, fumbi la ku Musika
latera pa chipale changa, mbuu.
Ndatenga kansanza.
"Usapukute," atero Mai Gwenzi,
osatukula n'komwe maso.