Kabowo

M'mawa wa Julaye kuno ku Chibavi
nkhungu yakhalira madenga ngati mlendo wosatsanzika,
ndipo zala zanga zikukana kupindika.
Fumbani Mtawali watulukira pakona akukankha njinga yamoto,
thukuta lili kamukamu, chisanu chonsechi.
Waikankha kuchokera ku Zolozolo.
"Ikungotsokomola, bambo. Kutsokomola, kenako zii."

Sindimufunsa zambiri, mphuno yandiuza kale:
petulo wa m'botolo, wogula usiku pamsewu,
uja wogulitsa wake amayang'ana kumbali pothira.

Ndatseka kampopi ka mafuta, ndavula paipi,
ndazula kabuleta ngati dzino la m'tsaya.
Kanthu kokwana m'dzanja limodzi,
koma anthu asanu amadya pomwepa,
osawerengera mwini njinga
amene amafuna yake dzuwa lisanalowe,
kaya kwagwa mvula, kaya mwana watentha thupi.

Tisikuluwu tinayi ndatigoneka m'chivindikiro cha polishi.
Ndatsegula kambale kapansi. Taona wekha, Fumbani:
madzi agona pansi, petulo wakhala pamwamba,
sakulankhulana,
ndipo pakati pawo pali katondo wa msewu wa ku Luwinga,
wofiira, wosalala ngati phala la khanda.

Jeti ndi kamkuwa kochepa ngati njere ya mpunga.
Ndaikweza kumwamba, diso limodzi ndatsinzina.
Ikakhala bwino umaona thambo lonse la Mzuzu pakabowo kake.
Lero muli mdima.

A Luhanga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
ankandimenya padzanja ndikatola singano.
"Ukakuza bowolo sudzalibwezanso.
Njinga idzamwa ngati msilikali pamapeto a mwezi."
Ankasolola kalusinga kamodzi m'waya wa kilachi wakutha,
n'kumakalowetsa mofatsa
ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana.
Manja awo akunjenjemera masiku ano, kapu amagwira ndi onse awiri,
koma njinga ikadutsa kuseri kwa mpanda
amanenabe ali pampando: "Imeneyo mpweya wachepa."

Ndatsuka ndi mswachi wakale m'chitini cha petulo,
ndaika mlomo, ndauzira. Kachiwiri. Kachitatu,
kenako kamluzu, fyii,
ndipo thambo labwerera m'kabowo.

Ndiye kasipuling'i kaja, mwana wopanda mwambo,
kangoti thaa! kuchoka pachala, kupita kosadziwika.
Amuna awiri andevu tagwada m'matope,
tikupapasa ngati nkhuku.
Makasitomala a Fumbani akudutsa pa njinga za anzake,
iye akuwawerenga ndi maso, mmodzi, awiri,
mayi uja wa kabichi amene amalipira osanenerera.
Wakatola ndi Tapokera, mtsikana wa zitumbuwa,
kanagwera pafupi ndi beseni lake.
Sanakapereke ulele. Tagula zitumbuwa ziwiri.

Choyandama ndachiyesa pakhutu, mulibe madzi.
Gasiketi yang'ambika, ndadula ina pa katoni ya sopo;
ndamuuza zoona, ifika Lachisanu basi.
Ndabweza zonse mmene zinalili,
sikuluwu ya mpweya ndaitseka mpaka pansi
n'kuibweza kamodzi ndi theka.

"Ponda."
Yakana.
"Kweza choko, kukuzizira. Ponda."
Yatsokomola, yalavula utsi woyera,
yaganiza pang'ono,
kenako du-du-du-du, wofanana, wosathamanga,
ngati mtima wa munthu amene walipira lendi.
Ndikupotoza pang'onopang'ono, khutu lili pa injini,
mpaka mafuta ndi mpweya zitagwirizana.

Fumbani wapisa m'thumba, watulutsa theka.
"Yotsalayo madzulo, bambo. Yewo chomene."
Madzulo ake ndimawadziwa, ena akwanitsa chaka.
Ndamuuza za petulo wa m'botolo,
wagwedeza mutu, maso ali kale kumsika,
nkhungu yamumeza, kwatsala kagetsi kofiira.

Ndaluma chitumbuwa changa.
Chikukoma petulo.
Tiyi wa masana adzakomanso petulo,
ndipo usiku Nyachavula adzatembenukira kukhoma
akuti ndikununkha ngati galaja,
koma bulangeti adzandisiyira mbali yaikulu.